Kope la Chilatini Kuseri kwa Depoti

Ndinachoka ku seminale chaka chachitatu
ndi sutikesi yothyoka chogwirira, kolona, ndi kope limodzi
lomwe chiswe chinalawa m'mphepete.
Unsembe unandikana, Chilatini chinanditsata.
Lero ndimamata machubu a njinga kuseri kwa depoti ya Salima,
pansi pa mtengo wa nimu,
kopelo lili m'bokosi la masipanala, likununkha guluu.

Bambo Kalilangwe ankati Aroma sankasowa mawu a ukali
monga mlimi wa thonje sasowa mayina a tizilombo.
Ankalemba pabolodi mpaka choko kuthyoka,
ife tikuyasamula, njala ikutikanda.

Pugnax: wokonda nkhonya.
Ameneyo ndi Zuzeni woitanira minibasi,
amene amalimbirana chikwama cha munthu
mwini wake asananene komwe akupita.
Dzino lam'mwamba analisiya pa siteji ya ku Chipoka.

Audax ndi mnyamata wa kabaza uja
wodula kutsogolo kwa lole ya thonje,
matumba awiri a makala kumsana, mabuleki ndi chidendene.
Bambo ankati liwuli lili ndi nkhope ziwiri,
ina yotamanda, ina yopukusa mutu.

Ferox ndinampatsa tambala wa a Nasiwelo ogulitsa zitumbuwa.
Anakana kuphedwa pa Khirisimasi,
anatema mpeni, anatema dzanja,
mpaka lero akuyenda monyang'wa pakati pa matayala.

Nanga bellicosus, liwu lalitali lodzaza m'kamwa ngati chinangwa chosapsa?
Limakhala pabenchi la a Mkwezalamba madzulo,
kachasu akafika m'mawondo.
Nkhondo zonse za pawailesi amazimenya okha,
mizinda amaigwetsa ndi chala,
koma mayi akunyumba akatulukira pakona
jenerali amabisala kuseri kwa thumba la mtedza.

Ndinkaseka. Ndinkati mawu onse ndawapezera eni ake.

Kenaka anabwera mkulu wanga Sipiliyano.
Anaphunzira usilikali konkuno,
tinkamuona m'mawa akuthamanga pamsewu ndi anzake, akuimba,
fumbi likuwatsata ngati galu.
Anamutumiza kutali kukasunga mtendere wa eni ake.
Wabwerako ndi miyendo yonse, manja onse,
ndi mendulo imene amayi anaikulunga m'mpango.
Salankhula za kumeneko.
Tiyi amamwa atapereka msana kukhoma.

Lachiwiri lapitali chubu chinaphulika m'manja mwanga.
Zuzeni anaseka, tambala anakuwa,
ine potembenuka ndinapeza benchi lili lokha.
Sipiliyano anali pansi, nkhope m'dothi,
dzanja limodzi litapanikiza mutu wa mwana wa a Nasiwelo
kuti asadzuke.
Mwanayo ankalira chitumbuwa chake.

Usiku ndinavundukula kope ndi tochi ya foni.
Miles, msilikali. Ndi ntchito chabe imeneyo.
Fortis, wolimba mtima. Inde, koma silikwana.
Saevus, atrox, ndinawadumpha msanga,
sindifuna kudziwa ngati anakumana nawo,
kapena ngati tsiku lina anawavala.
Pansi penipeni, pomwe chiswe chinalekezera,
panali imbellis: wosayenera nkhondo.
Bambo Kalilangwe ankalitchula mokwinya mphuno.
Ndinaliyang'ana nthawi yaitali.
Aroma aja, amene anali ndi liwu la aliyense wopita kunkhondo,
kodi wobwerako ankamutcha ndani?
Mwina linali pa tsamba lodyedwalo.

M'mawa anabweranso, osanena kanthu,
nakhala pafupi ndi beseni la madzi akuda.
Ndinampatsa chubu.
Amachimiza pang'onopang'ono, chigawo ndi chigawo,
khutu lili pafupi, maso osaphethira,
kudikira kathovu kamodzi.
Palibe pa depoti yonse amene amapeza kabowo msanga ngati iye.
Akakapeza amaikapo chala,
nandiyang'ana,
ine n'kumupatsa chigamba.